Njati, Udzu ndi Fumbi ku High Plains

Kum'maŵa kwa mapiri a Rocky, m'dziko la United States of America, kuli chidikha chachikulu chokwera chotchedwa High Plains, chimene chimakhudza zigawo za Nebraska, Colorado, Kansas, Oklahoma, Texas ndi New Mexico. Mvula imagwako mopereŵera, kaŵirikaŵiri osapitirira mamilimita 500 pa chaka, ndipo mitengo imapezeka m'mphepete mwa mitsinje. Kalekale chuma cha dzikoli chidali udzu waufupi wa mizu yolukanalukana, umene unkagwira dothi ngakhale pa nyengo ya chilala.

Pa udzu umenewu pankadalira njati za kumeneko zotchedwa bison, zimene akatswiri ambiri amati zidalipo pafupifupi 30 miliyoni m'zidikha zonse za m'dzikomo. Padalinso nyama zaliŵiro zonga agwape zotchedwa pronghorn, tinyama tonga agologolo tokhala m'mauna totchedwa prairie dog, ndiponso mimbulu yolondola magulu a njati. Mitundu ya anthu monga Comanche, Kiowa ndi Cheyenne inkapeza chakudya, zovala ndi mahema kuchokera ku njatizo.

Zinthu zidasintha pamene njanji idafika. Mu 1871 amisiri ofufuta zikopa adapeza njira yosandutsira chikopa cha njati kukhala malamba oyendetsera makina m'mafakitale, ndipo mu 1872 sitima idafika ku Dodge City, ku Kansas. Alenje a mfuti adakhamukira kumeneko, namasenda zikopa ndi kusiya nyama ikuwola padzuŵa. Pofika 1879 gulu lalikulu la kummwera lidali litatha, ndipo la kumpoto lidatha cha mu 1883. Mu 1889 William Hornaday adaŵerengera kuti zidatsala pafupifupi 1,000 zokha. Eni dziko, atalandidwa nkhokwe yawo, adakakamizidwa kukhala m'malo opatulidwa ndi boma.

Njati zitatha, udzu nawo udatsatira. Pa nthaŵi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse mtengo wa tirigu udakwera, ndipo m'zaka za m'ma 1920 alimi adagaula malo aakulu ndi mathirakitala. Chilala chitabwera m'zaka za m'ma 1930, mbewu zidauma ndipo dothi lidatsala pambalambanda. Mphepo idaliulutsa, ndipo pa 14 Epulo 1935 chimtambo cha fumbi chidadetsa usana ngati usiku ku Oklahoma ndi Texas. Ziŵeto zidafa, ana adadwala zifuŵa, mabanja ambiri nasamuka. Chilala sichidali chachilendo kumeneko. Chachilendo chidali kusoŵa kwa mizu yogwira nthaka.

M'chaka chomwecho cha 1935 boma lidakhazikitsa bungwe losamalira nthaka la Soil Conservation Service, lotsogozedwa ndi Hugh Bennett. Boma lidagulanso minda yowonongeka nkubzalamo udzu, ndipo mu 1960 malo otero adalengezedwa kukhala madambo otetezedwa a boma.

Njati nazo sizidatheretu. Mu 1878 Charles Goodnight ndi mkazi wake Mary Ann adalera ana a njati amasiye ku Palo Duro Canyon, ku Texas, ndipo mbumba ya njatizo imasungidwa ku Caprock Canyons. Mu 2016 bison idalandira ulemu wokhala chizindikiro cha dziko la America. Komabe magulu ambiri amene alipo amakhala m'mipanda, pa kachigawo kochepa chabe ka dziko limene makolo awo ankayendamo momasuka.