Khofi wa ku Malawi: kuchokera pa mbande imodzi kufika mu mgolo wotseka

Mukalowa m'tiyirumu pa Mtakataka m'mawa, chimene akupatseni ndi tiyi wamkaka ndi sikono kapena mandasi. Za khofi safunsa n'komwe, ndipo m'pomveka. Khofi wa arabika amafuna malo okwera ndi ozizira, mamita 1,000 kupita m'mwamba, pomwe chigwa cha Mua, Mtakataka ndi Golomoti chili m'tsinde mwa mapiri a Dedza, kufupi ndi nyanja imene ili pa mamita 474 okha. Kuno n'kwa thonje, malambe ndi mpunga wa ku Bwanje. Komabe khofi ndiye mbewu yoyamba imene dziko lino linatchuka nayo kunja, fodya ndi tiyi zisanayambe kumveka.

Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamalira dimba pa mishoni ya Blantyre, anabwera ndi mbande za khofi kuchokera ku Edinburgh. Imodzi yokha ndiyo inapulumuka, ndipo mbewu zake zinafalikira m'minda ya ku Blantyre ndi ku Zomba, kumene John Buchanan ndi abale ake analima kwambiri. Ngakhale Joseph Booth, atatsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi mu 1892, ankayembekezera kuti khofi ndiye aziyendetsa mishoniyo. Azungu anamukhulupirira khofi mpaka kujambula mtengo wake pa chizindikiro cha boma la British Central Africa. Amene ankagwira khasu m'mindamo anali anthu akuda ofuna ndalama ya msonkho wa nyumba, ena ochokera kutali monga ku Utonga.

Chimwemwe sichinakhalitse. Cha m'ma 1900 dziko linatumiza kunja matani pafupifupi 1,000, kenaka khofi wa ku Brazil anasefukira pa msika, mitengo inagwa, tizilombo ndi matenda zinalowa m'minda, nthaka inaguga. Pamene Ansembe Oyera ankamanga mishoni ya Mua mu 1902, eni minda anali atayamba kale kuzula khofi n'kubzala thonje, fodya ndi tiyi. Njanji itadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka n'kufika ku Salima mu 1935, khofi sanali katundu woti n'kumuwerengera.

Amene anamusunga ndi alimi ang'onoang'ono a kumpoto, makamaka m'mapiri a Misuku ku Chitipa. Boma linakhazikitsa Smallholder Coffee Authority mu 1971. Bungweli litalemedwa ndi ngongole, mu 1999 linasanduka Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 alimi analitenga kukhala lawo pansi pa dzina la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, lokhala ndi makopaletivi ku Misuku, Phoka, Viphya, Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi. Kum'mwera, maesiteti monga Satemwa ku Thyolo amalima khofi pambali pa tiyi.

Khofi wambiri wa kuno amakonzedwa m'njira yotsuka. Zipatso zofiira zimathyoledwa m'nyengo yachisanu, zimasendedwa pa makina tsiku lomwelo, kenaka njere zimavundikidwa m'thanki kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti kaphala koterera kokuta njerezo kasungunuke. Akatsuka amayanika pa thandala mpaka chinyezi chitsike kufika cha pa 11 kapena 12 peresenti. Kwa zaka zambirimbiri kuvundikako kunali njira yochotsera kuterera basi. Kapitawo wabwino anali wodziwa kutsuka msanga, khofi asanayambe kununkha.

Maganizo amenewa anasinthira kunja. Mu 1974 Erna Knutsen, mayi wogulitsa khofi ku America, anatchukitsa mfundo yoti khofi wa phiri lililonse ali ndi kakomedwe kake ndipo ayenera kugulidwa payekha. Lero akatswiri olawa amapereka mapointi, ndipo khofi wofika pa 80 mwa 100 ndiye amatchedwa wapamwamba. Mu 2004 munda wa Hacienda La Esmeralda ku Panama unagulitsa khofi wa mtundu wa Geisha pa madola 21 paundi imodzi, mtengo umene panthawiyo unadabwitsa msika wonse. Kwathu nkhaniyi ndi yoseketsa pang'ono, chifukwa mitengo yotchedwa Geisha, yochokera ku Ethiopia, alimi a kumpoto anali akuilima kale mbali imodzi ndi mtundu wina wotchedwa Catimor, popanda wowaimbira m'manja.

Kenaka mu 2015 Sasa Sestic wa ku Australia anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ophika khofi ndi khofi wa ku Colombia amene anavundikidwa m'thanki yachitsulo yotseka, yodzazidwa ndi mpweya wa carbon dioxide, njira yobwereka kwa opanga vinyo ku Beaujolais. Kuyambira pamenepo mgolo unakhala pamtima pa malonda. Mukatsekera zipatso mu mgolo wa pulasitiki wokhala ndi kachibowo kotulutsira mpweya koma kosalola wina kulowa, yisiti ndi mabakiteriya osasitsa amadya shuga wa m'kaphala kaja pang'onopang'ono, kwa masiku atatu, asanu, ngakhale kuposerapo. Njere zimayamwa fungo la zipatso zakupsa, nthawi zina ngati vinyo. Mayi aliyense wofulula thobwa ku Golomoti akudziwa zimene zimachitika apa: kukatentha thobwa limasasa msanga, ndipo usiku umodzi wokha ndi wokwanira kulisandutsa chakumwa china. Ndiye chifukwa chake opanga khofi wotere sasiyana ndi choyezera kutentha ndi choyezera kuwawasa.

Ena anapitirira, n'kumathira m'migolomo zipatso zina kapena sinamoni. Mkangano unakula mpaka mu 2024 okonza mpikisano wa Best of Panama anachotsa khofi amene anamupeza kuti wawonjezeredwa fungo lachilendo. Ine ndili kumbali ya okonzawo pa chinthu chimodzi: wogula auzidwe chimene chinalowa mu mgolo.

Chondidetsa nkhawa ndi china. Ogula a ku London kapena Seoul akafuna kakomedwe katsopano, amene amaika mbewu yake pachiswe ndi mlimi. Mgolo ukapitirira, khofi amanunkha viniga ndipo palibe amugule ngakhale pa mtengo wamba. Esiteti ikhoza kutaya matumba angapo n'kupitiriza ntchito. Mlimi wa ku Misuku wa mitengo mazana ochepa sangatero, pakuti m'matumbamo ndimo muli fizi ndi feteleza wa chaka chimenecho. Kopaletivi yofuna kuyesa iyambe ndi migolo yochepa, ikhale ndi wolawa wakewake wodziwa kusiyanitsa khofi wovundikidwa bwino ndi wowola, ndipo wogula asainire mtengo zipatso zisanalowe mu mgolo.