Malupanga a Asamurai ku Tokyo National Museum

Tokyo National Museum ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1872, ndipo ili ku Ueno mumzinda wa Tokyo, m'dziko la Japan. Mwa zina, imaonetsa malupanga ndi zovala zankhondo za asamurai, ankhondo amene atsogoleri awo analamulira dzikolo kwa zaka pafupifupi 700 kufikira mu 1868.

Mu 1876 boma linaletsa asamurai kuyenda ndi malupanga, ndipo ntchito ya osula inalowa pansi. Lero malupanga ena akale amatetezedwa ndi lamulo monga chuma cha dziko. Limodzi mwa malupanga otere m'nyumbayi ndi Dōjigiri, limene anasula mmisiri wotchedwa Yasutsuna.

Kawirikawiri malupanga amaonetsedwa atachotsedwa chogwirira, kuti anthu aone luso la wosula komanso dzina lake lozokotedwa pachitsulocho.