Aspirin, Gemini na Libra

Mu 1988 magazini ya madokotala ya The Lancet inafalitsa zotulukapo za kafukufuku wochedwa ISIS-2. Odwala 17,187 m'maiko 16, ofika ku cipatala na vuto la mtima lija timati heart attack, anagawidwa pawili: ena anamwa aspirin, ena piritsi lopanda mankhwala. Patapita milungu isanu, imfa za mtima na mitsempha zinali 804 kwa a aspirin, koma 1,016 kwa enawo.

Akonzi a magaziniyo anafuna zambili. Nanga okalamba paokha? Azimai? Odwala shuga? Richard Peto wa ku Oxford, katswili wa masamu a kafukufukuyo, anavomela, koma pamwamba pa tebulo anaikapo kagawidwe kena: odwala malinga na nyenyezi za mwezi umene anabadwa. Kwa a Gemini na Libra aspirin inaoneka ngati siinagwile nchito, imfa zinacita kukwelako pang'ono. Kwa ena onse zinatsika na 28 peresenti.

Tingaseke, ndipo n'zimene Peto anafuna. Palibe nyenyezi imene imaloŵa m'magazi. Tikadula gulu lalikulu m'tumagulu 12, kalikonse kamatsala na anthu ocepa, ndipo kamodzi kapena tuwili tudzaoneka tosiyana mwamwai cabe. Vuto lina n'lobisika kwambili. Kafukufuku amalembetsa anthu okwanila kuyankha funso limodzi: kodi mankhwala agwila nchito? Kuti aone ngati agwila mosiyana kwa amuna na akazi, afunika anthu pafupifupi kuwilikiza kanai, ndipo apo n'kuti kusiyanako n'kwakukulu ngati phindu lenileni la mankhwalawo. Kukacepa, ciŵelengelo cimakwela koopsa. Ise amene timatumizilana nkhani za "mankhwala aya sagwila kwa anthu akuti" pa WhatsApp, kambili sitifunsa kuti anthu akutiwo anali angati.

Cinthu ici cinali citapweteka kale anthu. Mu 1978 kafukufuku wa ku Canada, wa odwala 585 cabe, anaonetsa kuti aspirin iteteza amuna ku sitiloko, koma kwa akazi sanaone phindu. Akaziwo anali ocepa kwambili moti phindu silikanaoneka bwino ngakhale likanakhalapo. Mu 1980 bungwe la FDA ku America linavomeleza aspirin pa vutoli kwa amuna okha. Zotulukapo za makafukufuku ambili zitaphatikizidwa, zinaonetsa kuti imathandizanso akazi, koma FDA inasintha malangizo ake mu 1998, patapita zaka 18.