Cakudya ca m'mawa ca ku Canada ndi mbili ya kapu ya "double-double"

Ku Canada kulibe munda wa khofi olo umodzi. Mtengo wa khofi umafuna madela ofunda, ndipo sungapilile cisanu ca kumeneko, kumene mitsinje imauma gwa kwa miyezi ingapo. Koma mukafika m'tauni iliyonse ya dzikolo m'ma 7 koloko m'mawa, mudzapeza mzele wa mamotoka pa windo ya shopu ya khofi, aliyense ayembekezela kapu yake. Ambili amangokamba mawu awili cabe, "double-double", wogulitsa n'kumva kuti afuna khofi wothila kilimu kawili ndi shuga kawili. Kuti timvetse mmene anthu osalima khofi anafikila pomuyesa wawo, tiyambile patali, pa zimene zinali kudyedwa m'mawa khofi asanatenge malo.

Cakale kwambili pa thebulo la m'mawa la ku Canada ndi manyuci a mtengo wa maple, mtengo uja tsamba lake lili pa mbendela ya dzikolo. Eni dziko oyamba, amene masiku ano amachedwa First Nations, ndiwo anadziwa kuboola mtengowu cisanu cikamatha, kuchela madzi ake ndi kuwaphika mpaka atalimba. Azungu anacita kuphunzila kwa iwo. Nchitoyi ndi ya anthu odekha, cifukwa pamafunika malita pafupifupi 40 a madzi a mtengo kuti patuluke lita imodzi ya manyuci. Lelo cigawo ca Quebec cokha cimapanga pafupifupi 70 pelesenti ya manyuci a maple a pa dziko lonse, ndipo ndi cuma ceniceni. Pakati pa 2011 ndi 2012, akawalala anaba matani pafupifupi 3,000 m'nkhokwe ya alimi ku Quebec, a ndalama zoposa madola 18 miliyoni a ku Canada. Migolo ina anali kuidzaza madzi kuti oyang'anila asazindikile.

Ufa wa tiligu, tiyi ndi shuga zinabwela ndi malonda a zikopa za nyama. Kampani ya Hudson's Bay, imene inakhazikitsidwa mu 1670, inali kusinthanitsa katundu wa ku Ulaya ndi zikopazo, ndipo anchito ake ambili anali a ku Scotland. Iwo anali kuphika buledi wosavuta wochedwa bannock: ufa, madzi, mafuta, pa pani basi. M'zaka za m'ma 1880, njati za m'zidikha za kumadzulo zitaphedwa pafupifupi zonse ndipo eni dziko atatsekeledwa m'malo ang'onoang'ono amene boma linawapatsa, cakudya cimene boma linali kugawa cinali ufa ndi mafuta. Bannock anakhala buledi wopulumukilapo pa njala. Ndiye cifukwa cake eni dziko ena lelo amamukonda monga cakudya ca kwawo, pamene ena amamuona ngati cikumbutso ca nthawi imene analandidwa minda ndi nyama zawo.

Kum'mawa, pa cisumbu ca Newfoundland, cimene cinalowa mu Canada mu 1949, anthu amadya m'mawa ma touton. Uwu ndi ufa wokandila buledi wokazingidwa pa pani, m'bale wake wa vitumbuwa, ndipo amathilapo manyuci akuda a nzimbe. Nzimbe sizimela kumeneko. Zombo zinali kunyamula nsomba za cod zothila mcele kupita ku zisumbu za Caribbean, kumene nsomba zochipa kwambili zinali ndiwo za akapolo a ku Africa olima nzimbe. Pobwelela zinali kudzaza manyuci ndi mowa wa rum. Ulendo umodzimodziwo unasiya cizindikilo mbali zonse ziwili: ku Jamaica cakudya cochuka ca m'mawa mpaka lelo ndi ackee ndi nsomba ya mcele.

Cigawo ciliconse cinaonjezela cake. Ku Quebec, amuna odula mitengo m'nkhalango anali kuyamba tsiku ndi nyemba zophikidwa ndi mafuta a nkhumba, ndipo mabanja anali kupaka pa buledi nyama ya nkhumba yogaya yochedwa cretons. Ku Montreal, Ayuda ocokela kum'mawa kwa Ulaya anabweletsa bagel, kabuledi kobowoka pakati kamene amayamba akawilitsa m'madzi a uci asanakaoche pa moto wa nkhuni. Shopu ya St-Viateur yakhala ikucita zimenezi kucokela mu 1957. Ku Toronto, mzinda umene unapatsidwa dzina locemelela lakuti Hogtown, kunachuka peameal bacon, nyama ya kumsana kwa nkhumba yothila mcele. Kale anali kuigubuduza mu ufa wa nsawawa zacizungu zouma kuti isaonongeke, koma lelo amaigubuduza mu ufa wa cimanga, dzina lokha ndilo linatsala.

Cakumwa ca pa mathebulo ambili, makamaka a mabanja ocokela ku Britain ndi Ireland, cinali tiyi. Kampani ya tiyi ya Red Rose inayamba mu 1894 mumzinda wa Saint John ku New Brunswick, ndipo kumadela a kum'mawa tiyi akali wamphamvu mpaka pano. Pa nkhondo yaciwili ya pa dziko lonse, mu 1942, boma linayamba kugawa tiyi ndi khofi mwa muyeso cifukwa zombo zinali kumizidwa pa nyanja. Nkhondo itatha, umoyo unasintha mofulumila. Anthu anagula mamotoka, anasamukila kunja kwa matauni, ndipo anayamba kuyenda mtunda wautali popita ku nchito. Anthu ocokela ku Italy, Portugal ndi Greece anatsegula timashopu twa khofi wamphamvu ku Toronto ndi ku Montreal. Cakudya ca m'mawa cinayamba kucoka m'khichini kupita pa msewu.

Apa m'pamene analowela Tim Horton. Anali katswili wa hockey, masewela a pa ayezi amene anthu a ku Canada amawakonda ngati mmene ise timakondela mpila, ndipo anali kuchinga kumbuyo mu timu ya Toronto Maple Leafs. Masiku amenewo osewela sanali kulandila ndalama zambili, ndipo ambili anali kufuna pogwila pena. Mu May 1964 Horton anatsegula shopu ya khofi ndi madonati mumsewu wa Ottawa Street ku Hamilton, mzinda wa mafakitale a zitsulo. Malo anasankhidwa bwino. Anthu a mashifiti anali kufuna pokhala pofunda ndi cakumwa cochipa, usiku ndi usana. Wapolisi wina wa m'tauniyo, Ron Joyce, anasiya nchito n'kutenga shopuyo kuti aziyendetsa, ndipo mu 1967 anakhala mnzake wa Horton pa bizinesi. Mu February 1974 Horton anamwalila pa ngozi ya motoka pafupi ndi St. Catharines, pocokela ku masewela. Joyce anagula gawo la banja la Horton pa madola pafupifupi 1 miliyoni, pamene mashopu anali pafupifupi 40.

Kucokela apo, mashopu a Tim Hortons anafalikila m'matauni ang'onoang'ono amene makampani ena sanali kuwayang'ana. Mu 1976 anayamba kugulitsa Timbits, timadonati tozungulila tongoponya m'kamwa. Mu 1986 unayamba mpikisano wa Roll Up the Rim, wofunyulula mlomo wa kapu ya pepala kuti uone ngati wapata mphatso. Kampaniyo inayamba kulipilila matimu a hockey a ana, ndipo makolo oima m'mphepo m'mawa kuonelela ana awo anali ndi kapu m'manja. Panabwela opikisana nawo, Second Cup mu 1975 ku Toronto ndi Starbucks mu 1987 ku Vancouver, imene inali shopu yake yoyamba kunja kwa United States. Koma Tim Hortons anakhalabe wa munthu wamba, woyendetsa thilaki ndi namwino wa usiku. Mu 2004 mawu akuti "double-double" analowa mu Canadian Oxford Dictionary. Apo n'kuti papita zaka 40 cabe kucokela pa shopu yoyamba ija.

Mphamvu ya cizolowezici imaonekela bwino munthu wa ku Canada akakhala kunja. Asilikali a dzikolo atatumizidwa ku Afghanistan, akuluakulu awo anapempha kuti kampaniyo iwatsatile. Shopu inatsegulidwa pa bwalo la ndeke la Kandahar mu 2006 ndipo inagulitsa mpaka mu 2011. Pa nkhondo imeneyo Canada inataya asilikali 158, ndipo kwa amene anali kumeneko kapu ija inali kafungo ka kunyumba. Pambuyo pake mashopu anatsegulidwa ku Glasgow mu 2017, ku Shanghai mu 2019 ndi ku New Delhi mu 2022. Kumeneko tsamba la maple lili pa citseko, koma zakudya zimasinthidwa kuti zigwilizane ndi lilime la eni dela. Ngakhale ku United States, cimene amacha "Canadian bacon" ndi nyama yofukizidwa utsi yosiyana ndi peameal ya ku Toronto, ndipo anthu a ku Canada amadabwa kuona dzina la dziko lawo pa cakudya cimene sacidya conco kwawo.

Manje funso lovuta ndi lakuti kapuyi ndi ya ndani. Cinthu cimene anthu amacitenga ngati mbendela yaciwili ndi kampani, ndipo kampani imagulitsidwa. Mu 1995 Tim Hortons inaphatikizidwa ndi Wendy's ya ku United States. Mu 2006 inaimanso payokha, koma mu 2014 inagulidwa ndi Burger King pa madola pafupifupi 12.5 biliyoni a ku Canada, ndipo mphamvu zambili mu kampani yatsopano ya Restaurant Brands International zinali m'manja mwa 3G Capital, ya azamalonda a ku Brazil. Madonati amene kale anali kuphikidwa m'shopu iliyonse anayamba, kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, kubwela ataumitsidwa mufiliji kucokela ku fakitale ya ku Brantford. Mu January 2018, cigawo ca Ontario citakweza malipilo ocepetsetsa kufika pa madola 14 pa ola, eni mashopu ena anacotsa malipilo a nthawi yopumula ya anchito, ndipo makasitomala anapita kukacita zionetselo pa makomo a mashopu amene anali kuwakonda.

Kumapeto kwenikweni kwa mzele kuli mlimi, amene nkhope yake siioneka pa kapu. Pangano la maiko lokhudza kuculuka kwa khofi wogulitsidwa kunja litagwa mu 1989, mitengo inayamba kugwedezeka, ndipo mu 2001 inatsika pansi pa masenti 50 a ku America pa paundi imodzi. Alimi a ku Central America ndi ku Africa anasiya minda, pamene mizele ya mamotoka ku Canada inali kutalikilako. Ena kumeneko anaona vutoli msanga: gulu la Bridgehead linayamba mu 1981 kugula khofi wa alimi a ku Nicaragua pa mtengo wacilungamo. Koma gawo lalikulu la ndalama ya kapu likali kutsalila kumene khofi amakazingidwa, kupakidwa ndi kupatsidwa dzina.

Apa nkhani yatikhudza ife. Zambia imalima khofi wa arabica kufupi ndi Kasama ndi ku Mazabuka, ndipo wambili amatuluka m'dziko ali njele zosakazinga, ise n'kugula wa m'kabotolo wocokela kunja. Canada, yopanda mtengo olo umodzi, inamanga pa mbewu imeneyi mashopu masauzande, nchito zambili ndi mawu a m'dikishonale, m'zaka zosakwana moyo wa munthu mmodzi. Inayamba ndi shopu imodzi pafupi ndi mafakitale, yotsegula pa maola amene anchito anali kufuna cakumwa cotentha, pa mtengo umene anali kukwanitsa. Ise mbewu tili nayo kale, ndipo pa Intercity ndi pa Kulima Tower pamakhala anthu ozizidwa m'mawa uliwonse wa June.