Poker wa timakobiri pa intaneti: momwe amaseweredwera komanso komwe ndalama imathawira

Ambiri mukamva zobetcha pafoni mumaganiza za Aviator kapena mpira. Poker ndi wina. Ku Aviator mumalimbana ndi kampani, pomwe pa poker mumadyana ndi anthu anzanu, kampani ikungotapa kagawo kake pambali. Ine ndimasewera wa timakobiri madzulo ngati chosangalatsa basi, ndiye ndikufotokozereni momwe zimakhalira.

Mtundu wofala ndi Texas Hold'em. Makhadi amakhala 52. Aliyense amalandira awiri obisa, kenako pathebulo pamagwa asanu a tonse: atatu oyamba otchedwa flop, lachinayi turn, lomaliza river. Pa makhadi 7 amenewa mumasankha asanu abwino kwambiri. Mutha kuwinanso opanda makhadi abwino ngati anzanu onse agonja poopa zomwe mwabetcha, koma pa mathebulo otchipa bodza lotere siligwira kwenikweni. Anthu akumeneko sagonja wamba, amafuna aone mapeto.

Thebulo lotsikitsitsa pa masaiti akuluakulu ndi la $0.01/$0.02. Manambalawa ndi ndalama zomwe anthu awiri amakakamizika kuponya makhadi asanagawidwe, ndipo mwambo wake umakhala pansi ndi $2.

Tsono nayi nkhani yomwe otsatsa sanena mokweza. Pa ndalama zomwe zaunjikana pakati, saiti imadula kagawo kotchedwa rake, kawirikawiri cha m'ma 5 peresenti. Pa $1 ndi masenti 5 okha, zooneka zachabe eti? Koma pa intaneti thebulo limodzi limagawa makhadi maulendo 60 kapena kuposa pa ola, kuwirikiza kawiri liwiro la pathebulo lenileni. Anthu 6 a luso lofanana atasewera usiku wonse, onse angadzuke atachepekedwa, wodya n'kukhala mwini saiti. N'chifukwa chake kuti upeze phindu sikokwanira kuposa anzako, uyenera kuwaposa mokwanira kulipira rake.

Nanga dolo amapeza zingati? Tiyerekeze akuwina masenti 10 pa maulendo 100 aliwonse, komwe ndi kusewera bwino ndithu pa thebulo limeneli. Ndi ntchito ya ola ndi theka imeneyo. Bandulo yomwe yapita siyibwerera n'komwe. Amene akukuuzani kuti poker wa timakobiri ndi geni, mufunseni masamu ake.

Mwayi nawo uli ndi nkhanza zake. Ma ace awiri, omwe ndi makhadi oyambira amphamvu kuposa onse, amabwera kamodzi pa maulendo 221, ndipo akakumana ndi ma king awiri amaluzabe pafupifupi kamodzi pa kasanu. Ukakhala ndi makhadi anayi a mtundu umodzi pa flop, mwayi woti lachisanu libwere pofika pa river ndi 35 peresenti yokha. Choncho osewera odziwa amasunga mpamba wokwana kukhala pansi maulendo 20 kapena 30, apa ndiye $40 mpaka $60. Kwa ine ndalama imeneyi ndi ya zosangalatsa, siyichokera ku lendi, fizi kapena katapila. Yemwe alibe, pali mathebulo a ndalama zoseweretsa komanso mipikisano yolowa ulere yotchedwa freeroll.

Maloto a ambiri anayambira kwa Chris Moneymaker wa ku America, yemwe mu 2003 anadutsira kampikisano kotchipa ka PokerStars n'kukawina $2.5 miliyoni ku World Series of Poker ku Las Vegas. Nkhani inayo siyitchulidwa kawirikawiri: pa 15 April 2011 boma la America linatseka masaiti a PokerStars, Full Tilt Poker ndi Absolute Poker m'dzikomo, ndipo osewera a Full Tilt akumeneko anadikira zaka kuti aone ndalama zawo.

Kuno kwathu za juga zimayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa. Saiti yakunja yopanda chiphaso cha bungweli ikakana kukupatsani ndalama zanu, kodandaula kumavuta. Musanaike kalikonse, yambani mwawerenga njira yotulutsira ndalama komanso mlingo wochepetsetsa womwe amalola kutapa, chifukwa pena umaposa mpamba wanu wonse.