Nyama za ku Gorongosa Zinali za Yani?

Caka ndi caka, mvula ikatha, alendo amabwera m'dziko lathu la Moçambique kudzaona nyama za m'chire. Amacokera ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa. Ulendo wotere amaucha safari. Ena amasunga ndalama caka cathunthu kuti adzaone njobvu ndi maso awo. Ife tikamva zimenezi timaseka, pakuti njobvu yomweyo ndiyo imatithera cimanga m'munda. Koma ulendo umenewu uli ndi mbiri yake, ndipo makolo athu ali m'kati mwa mbiriyo.

Mau akuti safari ndi a Ciswahili. Aswahili anawatenga kwa Aluya. Tanthauzo lake ndi ulendo basi. Kale safari sunali ulendo wokasangalala, unali ulendo wa malonda. Amalonda a Ciyao ndi a Ciswahili anali kusonkhanitsa minyanga ya njobvu kuno kumtunda. Anthu ambirimbiri anali kuisenza pamapewa mpaka kunyanja ya mcere, ku Kilwa, ku Ilha de Moçambique ndi ku Quelimane. Ena mwa osenzawo anali akapolo. M'cigwa ca Zambezi, Acikunda ndiwo anachuka ndi kupha njobvu, ndipo minyanga inali kutsika m'mabwato kucokera ku Zumbo ndi ku Tete.

Azungu osaka nyama atafika, anatengera mayendedwe omwewo. Mzungu akafuna kukonza ulendo wake, coyamba anali kufuna amuna a m'midzi. Anafuna amtengatenga osenza mahema, mfuti ndi cakudya. Anafuna wophika. Anafuna amuna omunyamula iye mwini pa macila. Koposa onse anafuna wolondola mapazi a nyama, munthu wodziwa kumene njati zamwa madzi usiku ndi kumene mphepo ikucokera. Popanda munthu ameneyu mzungu akanangosocera m'thengo. Koma tikayang'ana zithunzi zakale, woponda pamutu pa njati ndi mzungu. Wolondola mapazi waima kumbuyo, ndipo dzina lake silinalembedwe.

Tiyeni tione mmene zinayendera pamalo amodzi. Gorongosa ali m'cigawo ca Sofala, kumpoto kwa mtsinje wa Púnguè. Malowa ali kumapeto a cigwa cacikulu comwe cija muli nyanja yathu ya Niassa. Madzi amatsika m'phiri la Gorongosa nadzaza nyanja yaing'ono ya Urema. Dzinja lililonse madzi amasefukira m'madambo, ndipo akaphwa pamamera msipu wokoma. Ndico cifukwa cake nyama zinali kuculuka kumeneko. Anthu nawonso analipo kuyambira kale. Anali kulima, kuwedza nsomba, kufula uci ndi kusaka nyama.

Masiku amenewo dera la Manica ndi Sofala linali m'manja mwa kampani yochedwa Companhia de Moçambique, imene likulu lake linali ku Beira. Kampaniyi inali kukhometsa msonkho ndi kulamula anthu monga boma. M'caka ca 1920 inapatula mahekitala 100,000 ku Gorongosa kuti akuluakulu a kampani ndi alendo awo azisakako nyama. M'caka ca 1935 malowa anakula kufika mahekitala 320,000. Cimene makolo a kumeneko anali kucita kuyambira kale cinasanduka mlandu. Mzungu akapha njati ankati ndi masewera. Munthu wa m'mudzi akapha gwape kuti ana adye ankamucha wakuba nyama. Mabanja ena anacotsedwa pamalo awo, nasiya minda ndi manda a makolo.

M'caka ca 1940 anamanga nyumba zogona alendo pafupi ndi mtsinje wa Mussicadzi. Anamanga padambo, pomwe madzi amasefukira. Patapita zaka ziwiri zokha madzi anawathamangitsa. Mikango inalowa m'nyumbazo nizisandutsa zake, ndipo dzina lakuti Casa dos Leões, Nyumba ya Mikango, linayambira pamenepo. Tikuganiza kuti akanafunsa msodzi wa pa Urema akanawauza msanga pofika madzi. Msasa wina anaumanga ku Chitengo kuyambira m'caka ca 1951.

Kampani ija inatha ulamuliro wake m'caka ca 1942, ndipo boma la Apwitikizi linatenga dera lonse. M'caka ca 1960 boma limenelo linalengeza kuti Gorongosa ndi paki, malo osungirako nyama, a mahekitala 530,000. M'caka ca 1966 linacepetsako malire kufika mahekitala 377,000 kuti alimi apeze polima. Tsopano alendo anali kubwera ndi makina ojambulira m'malo mwa mfuti. Kunafika anthu ochuka a m'makanema a ku America, monga John Wayne ndi Gregory Peck. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wina wa ku South Africa, Ken Tinley, anawerenga nyama ali m'ndege. Anapeza njati pafupifupi 14,000, nyumbu 5,500, mbidzi 3,000, njobvu 2,200 ndi mikango 200.

Nanga anthu akuda anali kuti? Analipo ndithu. Anali kuphika, kucapa zobvala, kulima misewu ndi kulondera. Koma ulendo wokaona nyama sunali wa iwo. Munthu wogwira cibalo ndi kulima thonje mokakamizidwa sakanatha kulipira usiku umodzi ku Chitengo.

Ufulu unabwera m'caka ca 1975. Paki inakhala ya dziko lathu, ndipo nyama zinali zikalipo zambiri. Koma posakhalitsa nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo inayamba, ndipo dera la Gorongosa linali pakati penipeni pa moto. Mu Disembala 1981 msasa wa Chitengo unathiridwa nkhondo. M'caka ca 1983 paki inatsekedwa. Asilikali a mbali zonse ziwiri anapha nyama kuti adye, napha njobvu kuti agulitse minyanga. Anthu wamba, atathawa minda yawo, anachera misampha cifukwa ca njala. Sitingawaweruze. Ambiri a ife tikukumbukira cimene tinadya m'zaka zimenezo, ena tili m'thengo, ena tili m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi ndi ku Zambia.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, koma kupha nyama sikunathe tsiku lomwelo. Osaka ofuna malonda anapitiriza kuombera zotsala. Powerenganso m'zaka zotsatira, anapeza kuti pa nyama zikuluzikulu khumi zilizonse, zisanu ndi zinai zinatha. Njati zija 14,000 zinatsala zosakwana zana limodzi.

Nkhondo inasiya cizindikiro ngakhale pathupi pa njobvu. Pali njobvu zazikazi zimene zimabadwa zopanda minyanga. Nkhondo isanayambe, zotere zinali pafupifupi imodzi mwa zisanu. Itatha, zinali theka la zazikazi zonse zopulumuka, pakuti osaka sanali kutaya cipolopolo pa njobvu yopanda minyanga. Zimenezi zinabereka, ndipo ana aakazi ambiri anatengera amai awo. Akatswiri anafalitsa nkhani imeneyi m'caka ca 2021.

M'caka ca 2008 boma lathu linapangana ndi bungwe la Greg Carr, munthu wacuma wa ku America, kuti ayendetse paki pamodzi kwa zaka 20. M'caka ca 2018 panganoli analionjezera zaka zina 25. Anabweretsa njati ndi nyumbu kucokera ku South Africa, ndipo m'caka ca 2018 anabweretsanso mimbulu. Nyama zina zinaculuka zokha misampha itacepa. Anakodzwe, amene kale anali pafupifupi 3,500, anapitirira 50,000 m'caka comweco.

Nyama zabwerera, koma funso lakale likalipo. Mlendo akalipira kuti aone njobvu, ndalamayo imapita kwa yani? Nanga mwini munda umene njobvuyo yadya amalandira ciani? Kuno ku Tete ndiko kunayesedwa yankho loyamba. M'zaka za 1994 ndi 1995, ku Bawa, pafupi ndi Zumbo, kunayamba nchito yochedwa Tchuma Tchato. Dzinali sitifunika kulimasulira: ndi cuma cathu. Alendo olipira ndalama zambiri anali kubwera kudzasaka nyama, ndipo boma linabvomereza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo lizitsala m'midzi. M'caka ca 2005 boma linakhazikitsa njira yakuti midzi ya m'dziko lonse izilandira 20 pa 100 iliyonse ya ndalama zocokera ku nkhalango ndi nyama za m'dera lawo. Kuti mudzi ulandire, unayenera kusankha komiti, kuilembetsa ku boma ndi kutsegula buku ku banki. Midzi yambiri inacedwa kulandira cifukwa cosowa zitupa ndi anthu odziwa kuwerenga mapepalawo. Kwina ndalama zinafika zocepa, zosafanana ndi nkhokwe imene njobvu zinagwetsa. M'caka ca 2013 mbali ina ya dera la Tchuma Tchato, kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, inasanduka paki ya Mágoè.

Lero palibe lamulo lotiletsa kukaona Gorongosa, ndipo pacipata nzika ya dziko lino imalipira zocepa kuposa mlendo wakunja. Cobvuta ndi ndalama ya ulendo ndi ya pogona. Ocokera ku Tete amadzera ku Changara, Catandica ndi Chimoio mpaka ku Inchope. Pamenepo amakhotera kumpoto, kuoloka Púnguè, kenaka amatsata msewu wafumbi wopita ku Chitengo. Nthawi yabwino ndi ya cilimwe, udzu utauma, pamene nyama zimasonkhana pamadzi. M'dzinja madambo amamira ndipo maulendo amaima. Nyama zimaoneka bwino m'mamawa ndi madzulo. Munthu satsika m'galimoto popanda cilolezo ca wotsogolera, pakuti njobvu zina zakale za kumeneko zikukumbukirabe mfuti ndipo zimathamangitsa magalimoto.

Wotsogolerayo masiku ano kawirikawiri amakhala mwana wa dziko lino, ndipo alendo amamuitana ndi dzina lake. Mukamupempha adzakufikitsani pafupi ndi Mussicadzi. Nyumba ya Mikango ikalipo padambo paja, yopanda zitseko ndi mazenera.