Pamene Phulusa Linali Chuma: Mbiri ya Skip ndi Malamulo a Zinyalala ku Britain

Mumsewu uliwonse wa ku London kapena ku Manchester momwe wina akukonzanso nyumba, pakhomo pamakhala chibini chachikulu chachitsulo, kawirikawiri chachikasu, chosavindikira, chotambalala kukamwa koma chopanikizika pansi. Eni dziko amachitcha skip. Lole imabwera nacho m'mawa n'kuchitsitsa ndi matcheni, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri imadzachinyamula chitadzaza zidutswa za njerwa, matabwa ofumbwa, masinki osweka ndi makapeti akutha. Mwini nyumba amalipira mapaundi mazana angapo. Zaka 200 zapitazo ndalama zinkayenda mobwerera, chifukwa wochotsa zinyalalayo ndiye ankalipira.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pafupifupi nyumba iliyonse ya ku London inkasonkha moto wa malasha, wophikira ndi wowotha womwe. Mapepala, zisanza ndi zotsala zina zinkathera m'motomo, kotero kuti chochuluka pa zinyalala za mzindawo chinali phulusa. Phulusalo linali ndi ogula. Mzinda unkakula mofulumira, njerwa zinkafunika zambiri, ndipo oumba njerwa a m'mphepete mwa London ndi a ku Kent ankasakaniza phulusa losalala ndi dongo, pomwe timiyala ta malasha osanyeka bwino ankawotchera njerwazo. Makontirakitala ankalimbirana ntchitoyi, mpaka kulipira akuluakulu a dera lililonse kuti apatsidwe ufulu wotolera phulusa m'makomo. Antchito awo ankayenda ndi ngolo yokokedwa ndi hatchi, dengu, fosholo ndi makwerero, kumutu atavala chipewa chokhala ndi chikopa cholendewera kumbuyo choteteza khosi.

Ngolo zinkakakhuthula katunduyo m'mabwalo akuluakulu, momwe milu ya phulusa inkatalika kuposa nyumba. Mulu wotchuka kwambiri unali pafupi ndi pamene lero pali siteshoni ya sitima ya King's Cross. Mtolankhani Henry Mayhew, amene analemba za moyo wa anthu osauka a ku London cha m'ma 1850, anafika m'mabwalowa n'kupeza amayi atamira m'phulusa, aliyense ali ndi sefa yaikulu yachitsulo imene ankaimenyetsa pathewera lachikopa tsiku lonse. Palibe chimene chinkatayidwa. Zisanza zinkapita kwa opanga mapepala, mafupa kwa ophika guluu ndi manyowa, zitini ndi zitsulo kwa osula, mapale ndi zigoba za nkhono kwa okonza misewu, ndipo zotsala za ndiwo zinkabwerera kumunda. Charles Dickens anamanga buku lake la Our Mutual Friend, lomwe linatuluka mu 1864 ndi 1865, pa chuma cha munthu amene analemera ndi milu yotereyi.

Alipo lero amene amatamanda nthawi imeneyo kuti inali yosawononga zinthu. Akunena zoona, koma azikumbukiranso mapapo a amayi aja, amene ankapuma fumbi kuyambira m'mawa mpaka madzulo pofuna tindalama tochepa, chuma chenicheni chikupita kwa mwini bwalo.

Msika wa phulusa sunakhalitse. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800, phulusa linachuluka kuposa ogula ndipo mtengo wake unagwa. Akuluakulu a madera, amene anazolowera kulandira, anayamba kulipira makontirakitala. Apa vuto linaonekera poyera: ngolo zinkapita msanga kumakomo kumene antchito ankayembekeza kupatsidwa kangachepe ka mowa, pomwe m'tinjira ta anthu osauka zinyalala zinkangounjikana n'kumaola. Kolera inakantha dzikolo mu 1831 ndi 1832, n'kubweranso mu 1848. Edwin Chadwick, amene mu 1842 anatulutsa lipoti lalikulu lofotokoza uve wa m'midzi ya anthu ogwira ntchito, ankakhulupirira kuti matenda amabwera ndi fungo loipa. Pamenepa anaphonya, pakuti kolera imayenda ndi madzi, monga anasonyezera dokotala John Snow mu 1854. Koma mankhwala amene Chadwick ankalimbikitsa, ochotsa zonyansa pakati pa anthu, anali oyenera. Lamulo la zaumoyo la 1848 linatsegula njira, ndipo la 1875 linapatsa makhonsolo mphamvu ndi udindo woonetsetsa kuti zinyalala za m'nyumba zikuchotsedwa. Bini ya pakhomo, yoti munthu n'kuinyamula, inafala m'nthawi imeneyi. Mu 1874 mzinda wa Nottingham unali utayatsa kale ng'anjo yoyamba yowotchera zinyalala.

Kwa zaka pafupifupi 80 zinthu zinayenda choncho. Kenako mu Disembala 1952 utsi wa malasha unaphimba London kwa masiku asanu, n'kupha anthu masauzande. Lamulo loteteza mpweya la 1956 linachititsa kuti mabanja ambiri asiye malasha n'kuyamba gasi ndi magetsi. Moto wa pabalaza utazima, zimene kale zinkanyeka zinayamba kudzaza m'mabini, ndipo zinachulukanso chifukwa cha makatoni, mabotolo ndi mapulasitiki a m'masitolo atsopano. Nthawi yomweyo dziko linali pakalikiliki womanganso mizinda yophwanyidwa ndi mabomba a nkhondo yachiwiri ndi kugumula midadada yonse ya nyumba zakale.

Zogumukazo zinkafuna chonyamulira china. Kale lole inkaima pamalo omanga kwa maola, dalaivala ali khale, anthu akupakira ndi mafosholo. Nzeru yatsopano inali yolekanitsa lole ndi bokosi lake: bokosi litsale likudzaza pang'onopang'ono, lole ipite kukatumikira ena. Ku America banja la a Dempster la ku Knoxville, m'chigawo cha Tennessee, linali litayamba kale zimenezi m'zaka za m'ma 1930. Ku Britain ma skip onyamulidwa ndi mikono iwiri yachitsulo ndi matcheni anafala m'zaka za m'ma 1960, poyamba pakati pa omanga nyumba ndi m'mafakitale, kenako kwa anthu wamba amene anayamba kukonda kudzikonzera okha nyumba kumapeto kwa sabata. Mpaka lero kukula kwake amakuyeza m'mayadi, ngakhale dzikolo linasamukira kumamita pa zinthu zambiri. Kakang'ono ndi ka mayadi awiri, pomwe amene amamanga nyumba amakonda ya mayadi 6 kapena 8. Zazikulu kuposa apo salola kuthiramo dothi kapena konkire yokhayokha, chifukwa lole singazidzutse.

Chitsulo cholemera chotere chikasiyidwa mumsewu wopanikiza usiku wa nkhungu, chimasanduka msampha wa oyendetsa galimoto ndi njinga. N'chifukwa chake lamulo la misewu la 1980, mu gawo 139, limanena kuti skip isaikidwe pamsewu wa boma popanda chilolezo cha khonsolo. Iyenera kukhala ndi nyali usiku, ilembedwe dzina la mwini wake pamodzi ndi nambala ya foni kapena keyala, ndipo ichotsedwe msanga ikadzaza. Malamulo a 1984 anawonjezera zizindikiro zonyezimira zofiira ndi zachikasu kutsogolo ndi kumbuyo. Amene ali ndi bwalo lake safuna chilolezochi, koma amene khomo lake layang'ana mumsewu amalipira khonsolo, ndipo m'madera ena a London amalipiranso malo oimikapo galimoto amene skip yatseka. Dalaivala ali ndi ufulu wokana kunyamula skip imene yadzaza mopitirira milomo yake, ngakhale mwini nyumba ataimika zitseko zakale m'mbali kuti mulowe zambiri, chinyengo chimene madalaivala onse amachidziwa. Chodandaulitsa china, chimene lamulo silinachithetse, ndi anansi amene amabwera usiku kudzaponyamo matiresi awo mu skip yolipira wina.

Malamulo a pamsewu anabwera mosavuta. Okhudza kumene katunduyo amathera anachita kudikira ngozi.

Mu Febuluwale 1972, pafupi ndi tauni ya Nuneaton, anthu anapeza migolo yoposa 30 ya zotsala za poizoni wa cyanide itatayidwa pamalo akale oumbira njerwa, pomwe ana ankasewera. Nyuzipepala zinafuula, ndipo pasanathe milungu yambiri Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa kutaya zinthu zapoizoni mwachisawawa. Mu 1974 kunabwera lamulo lokulirapo, lofuna kuti malo aliwonse otayako zinyalala akhale ndi chiphaso. Komabe maenje akale a miyala ndi dongo anapitiriza kumeza chilichonse. Mu Malichi 1986, m'mudzi wa Loscoe ku Derbyshire, mpweya wa methane wochokera m'zinyalala zokwiriridwa unayenda pansi pa nthaka n'kulowa m'nyumba ina yapafupi. Nyumbayo inaphulika n'kuphwasukiratu, ndipo anthu atatu amene anali m'katimo anavulala koma anapulumuka.

Lamulo limene linasintha kwambiri ntchito ya ma skip ndi loteteza chilengedwe la 1990. Gawo 34 linakhazikitsa mfundo yoti zinyalala zili ndi mwini, ndipo udindo wake sutha lole ikakhota pakona. Aliyense wonyamula zinyalala za ena ngati bizinesi ayenera kulembetsa, ku England amalembetsa ku bungwe la Environment Agency lomwe linayamba ntchito mu 1996. Kampani ikapereka zinyalala zake kwa wina, pamalembedwa chikalata chonena kuti katunduyo ndi wotani, wachokera kwa yani ndipo wapita kwa yani, ndipo chikalatacho chimasungidwa zaka ziwiri. Kuyambira mu 2005 udindowu unafika ndi kwa mwini nyumba wamba. Ngati munthu wapereka zinyalala zake kwa wonyamula wosalembetsa, iye n'kukazikhuthula m'munda wa wina, envulopu imodzi yokhala ndi keyala ndi yokwanira kuti khonsolo igogode pakhomo. Ku England chindapusa cha pompopompo chimafika £600, ndipo nkhani ikapita kukhoti chimatha kukwera kwambiri. Amalawi ndi anthu a ku Zambia okhala ku Leicester, Luton kapena Manchester, amene posamuka nyumba amakopeka ndi mnyamata wa galimoto wolengeza mtengo wotsika pa Facebook, lamuloli limawakhudza mofanana ndi wina aliyense, ndipo kuona ngati munthuyo analembetsa n'kwaulere pa intaneti.

Mndandanda wa zoletsedwa mu skip nawo uli ndi mbiri yake. Asibesitosi, amene analetsedwa kotheratu mu 1999 koma akadali m'madenga ndi m'makoma a nyumba zambiri zakale, amafuna akatswiri ake chifukwa fumbi lake limayambitsa khansa. Matayala athunthu analetsedwa kukwiriridwa kuyambira mu 2003. Mafiriji, mabatire, penti ndi masilinda a gasi zili ndi njira zake. Mabolodi a gypsum omangira makoma a m'kati mwa nyumba, amene amawatcha plasterboard, kuyambira mu 2009 sasakanizidwa ndi zinyalala zoola, chifukwa akakwiriridwa pamodzi amatulutsa mpweya wapoizoni wonunkha mazira oola. Kuyambira mu Januwale 2023, ngakhale sofa yakale iyenera kupita kung'anjo, chifukwa cha mankhwala oletsa moto amene ali m'thonje ndi m'nsalu zake.

Koma chimene chinagwedeza ntchitoyi kuposa chindapusa chilichonse ndi msonkho. Mu Okutobala 1996, nduna ya zachuma Kenneth Clarke inayambitsa msonkho wa zinyalala zokwiriridwa: £7 pa tani imodzi, ndi £2 pa zinthu zosaola monga dothi ndi miyala. Wa £7 uja unapitiriza kukwera, kufika £80 mu 2014 ndi £126.15 mu Epulo 2025. Kukwirira kutadula chonchi, makampani a ma skip anaona kuti phindu lili posankhula. Lero lole sipita kumtaya mwachindunji. Imakakhuthula m'chishedi chachikulu momwe makina, maginito ndi manja a anthu oimirira m'mbali mwa lamba zimalekanitsa zitsulo, matabwa, makatoni ndi njerwa zoti ziphwanyidwe n'kukayala pansi pa misewu. Ntchito ya amayi a sefa aja inabwerera, ndipo ndi yafumbi ndi yowopsa ndithu, pakuti ntchito ya zinyalala ili m'gulu la zimene zimapha antchito ambiri ku Britain poyerekeza ndi chiwerengero chawo.

Owerenga a ku Blantyre ndi Lilongwe skip amaidziwa, chifukwa makhonsolo amaziika m'misika. Amadziwanso mmene imaonekera lole ikachedwa kubwera, ndipo amadziwa kuti ikanyamulidwa imakathera ku Mzedi kapena kumtaya wa ku Area 38, kumene anthu amasankhula ndi manja opanda magolovesi. Chitsulocho n'chimodzimodzi ndi cha ku London. Kusiyana kuli pa mafuta a lole, pa chikalata chotsatira katundu ndi pa munthu amene angafunsidwe zinthu zikalakwika.

Ngakhale ku Britain komweko nkhaniyi sinathe, ndipo msonkho uja unabala vuto lake. Pamene kutaya movomerezeka kwadula, kutaya mwakuba kwasanduka malonda aakulu. Makhonsolo a ku England amalemba milandu yoposa miliyoni imodzi pachaka ya zinyalala zotayidwa m'misewu, m'tinjira ndi m'mphepete mwa minda, ndipo zambiri mwa izo ndi zochokera m'nyumba za anthu. Mu 2016 mkulu wa Environment Agency pa nthawiyo, Sir James Bevan, anayerekeza umbandawu ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo. Umboni wake unaoneka ku Hoads Wood, nkhalango yotetezedwa pafupi ndi Ashford ku Kent, kumene mu 2023 malole ankalowa masana dzuwa likuswa mtengo, anthu a m'deralo akudandaula kwa akuluakulu, mpaka matani pafupifupi 30,000 a zinyalala za m'nyumba ndi za omanga anaunjikana pakati pa mitengo. Mu 2024 boma linalamula kuti malowo ayeretsedwe, ndipo ntchito yochotsa, imene ikudya mapaundi mamiliyoni ambiri a okhoma msonkho, inayamba mu 2025.